Kasupe wa pakhomo wa miphika ya maluwa: kapangidwe kake ndi zimene zimavuta

Kasupe wa miphika salumikizidwa ku mpopi ayi. Madzi amene mwathira tsiku loyamba ndi omwewo amene amazungulira. Kapampu kamene kali pansi mumphika waukulu kamawakankhira m'mwamba kudzera m'payipi, amadzaza mphika wapamwamba, n'kusefukira mu wapakati, kenako n'kubwerera mu waukulu uja. Choncho bilu ya Lilongwe Water Board isakuopseni. Inu mumangowonjezera madzi amene dzuwa ndi mphepo zamwa, ndi kusintha a mumphika waukulu kamodzi pa sabata.

Chimene chimapha akasupe ambiri n'chimodzi: pampu kuyenda madzi ataphwa. Pampu zimenezi zimazizira ndi madzi omwe zikupopawo, ndipo zikakhala pouma zimatentha n'kupsa. Kuno ku Lilongwe dzuwa la Okutobala, mphepo ya mwera, fumbi ndi kuzimazima kwa magetsi zimachita kuthandizana kuti madzi a mumphika wapansi achepe. N'chifukwa chake pa chilichonse chimene tichite tizifunsa kuti, kodi apa madzi angathawire pati?

Miphika ndi zipangizo

Mufunika miphika inayi, ngakhale yooneka ndi itatu. Waukulu ukhale wa masentimita 60 pakamwa, 40 kuya kwake, ndipo pansi pake pasachepere 45. Sankhani wooneka ngati beseni, osati wosongoka pansi, chifukwa mudzafuna malo olowetsa dzanja potulutsa pampu. Woterewu umasunga malita 60 mpaka 70, ndiye kuti ndowa zitatu za malita 20 ndi pang'ono. Wapakati ukhale wa masentimita 35 pakamwa ndi 30 msinkhu, wapamwamba 20 pakamwa ndi 20 msinkhu. Wachinayi ndi wobisika: wolimba, wa masentimita 28 mpaka 30 msinkhu, umene tiuzondotse mkati mwa waukulu kuti ukhale mpando wa wapakati.

Musanyengeke n'kugula miphika yosiyana pang'ono kukula kwake. Pakati pa mlomo wa mphika wapamwamba ndi mlomo wa umene uli pansi pake pazikhala mpata wa masentimita 7 kapena kuposa mbali zonse, ndipo pa waukulu ndi wapakati mpatawo usachepere 10. Ukachepa, madontho amagwera kunja.

Miphika ya simenti imene imagulitsidwa m'mbali mwa misewu ndi imene timaikonda pa ntchito imeneyi. Ndi yolemera, mphepo siigwetsa, galu saisuntha. Ya pulasitiki ndi yosavuta kuboola ndipo sichucha, koma dzuwa limaiumitsa mpaka kuyamba kuthetheka. Yonyezimira, yonga imene amaumba ku Dedza Pottery, madzi sailowerera, kungoti kuiboola kumafuna chitsulo choboolera cha dayamondi. Ya dothi ya kumudzi ndi yokongola kuposa yonseyi, koma kumbukirani chimene chimachititsa kuti madzi a mumtsuko azizizira: dothi lake limatuluka thukuta. Pa madzi akumwa zimenezo n'zabwino, pa kasupe n'kutaya madzi. Komanso mphika wowotcha ndi nkhuni ukakhala m'madzi miyezi yambiri umafewa. Ngati mwaukonda, uikeni pamwamba penipeni, mutaupaka mkati.

Zina zofunika ndi izi: payipi ya kopa ya mamilimita 15, theka la mita, payipi yofewa yakuda ya mamilimita 13 mkati mwake, mita imodzi ndi theka, chidutswa cha payipi ya PVC ya mamilimita 110, chotalika masentimita 20, chokhazikapo mphika wapamwamba, mapaketi awiri a phala la epoxy, limene ambiri amangoti Pratley, chubu chimodzi cha silikoni, lita imodzi ya penti yotchinga madzi, silabu ya simenti ya 60 kwa 60, mchenga wilibala imodzi, miyala yosalala ndowa ziwiri, levulo, tupa, sowo yodulira zitsulo, drill ndi grinder. Zambiri mwa izi mungazipeze m'masitolo a zomangira ku Old Town, cha ku Malangalanga. Payipi yofewa ikhale yakuda ndithu. Yoonekera mkati imalowa kuwala, ndere zimamera m'kati mwake, madzi n'kumachepa mphamvu.

Kusankha pampu

Pa bokosi la pampu yomira m'madzi pamalembedwa manambala awiri ofunika. Yoyamba ndi malita amene imapopa pa ola, yachiwiri ndi Hmax, kutalika kumene imatha kufikitsa madzi. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Pampu yolembedwa Hmax ya mita imodzi sitanthauza kuti iponya madzi ambiri pa mita imodzi. Pamenepo ndi pamene mphamvu yake imathera, madzi satulukanso. Malita olembedwawo imawapopa pokhapokha ngati sikukweza madzi m'mwamba. Kutalika kumayezedwa kuchokera pamwamba pa madzi a mumphika waukulu kufika pamene akutulukira, ndipo pa kasupe wathuyu ndi pafupifupi masentimita 40. Gulani ya malita 600 mpaka 800 pa ola, Hmax ya mita 1.2 mpaka 1.5, yokhala ndi kachitseko kochepetsera madzi. Yamphamvu pang'ono mutha kuichepetsa, yofooka mulibe chochita nayo.

Magetsi imadya ochepa. Ya mawati 12 ikamayenda maola 10 patsiku imatha mayunitsi 3.6 pamwezi. Pali zina za mavoti 12 zoyendera sola, ndipo ndi panelo ya mawati 20 zimayenda bwino dzuwa likakhalapo. Pakhomo pamene pali ana, ifeyo tingasankhe ya sola, chifukwa mavoti 12 sapha munthu monga angachitire 230 a ESCOM. Kuipa kwake n'kwakuti kukachita mitambo imafooka, ndipo madzulo, nthawi imene mukufuna kukhala pakhonde kumvera madzi, imakhala itazima pokhapokha muike batire.

Malo ndi maziko

Sankhani pamene pamafika dzuwa la m'mawa koma masana pali mthunzi, monga kum'mawa kwa khoma la nyumba. Dzuwa la tsiku lonse limamwa madzi ndi kubereketsa ndere. Pansi pa mtengo si pabwinonso: maluwa a jakaranda a mu Seputembala ndi Okutobala, masamba a mango ndi zitosi za mbalame zimatseka pampu. Pewaninso pampata pamene mphepo imawomba mwamphamvu, komanso pansi pa malata pamene pamagwera madzi a mvula.

Kasupe akadzaza amalemera makilogalamu oposa 120. Dothi lathu la katondo limauma gwa m'chilimwe, koma mvula ikalowerera limafewa, mbali imodzi n'kutitimira. Kumbani masentimita 10, tsenderani pansipo ndi chipika, thirani mchenga masentimita 5, nyowetsani, tsenderaninso, ndiye muike silabu. Ikani levulo chopingasa ndi cham'litali mpaka kathovu kakhale pakati mbali zonse. Ngati pamalopo pali njira za chiswe, sunthani, chifukwa chimafukula pansi pa silabu.

Kutseka ndi kupaka miphika

Tsukani miphika yonse ndi bulashi, muiumitse padzuwa masiku awiri. Phala ndi penti sizigwira bwino ponyowa.

Bowo la pansi pa mphika waukulu litsekedwe kotheratu. Kandani phala la epoxy ndi zala zonyowa mpaka mitundu iwiri ya phalalo isakanikirane, likanikizeni m'bowo kuchokera mkati ndi kunja komwe, kenako phatikani kachidutswa ka tayilosi pamwamba pake mkatimo. Ena amadutsitsa chingwe cha pampu pabowo limeneli kuti chisaoneke. Ife sitikulimbikitsa zimenezo. Zimafuna kudula pulagi, pamachucha kawirikawiri, ndipo tsiku limene pampu idzafe mudzachita kugumula zonse. Chingwe chidutse pamlomo chakumbuyo, muchibise ndi duwa.

Phala likauma, pakani penti yotchinga madzi mkati mwa miphika itatu yooneka ija, kawiri kapena katatu, kudikira kuti iume musanabwereze monga zalembedwera pachitini. Funsani penti yoyenera matanki a madzi akumwa kapena maiwe a nsomba, popeza mbalame, agalu ndi nkhuku zidzamwa pamenepo. Pakaninso pamlomo ndi masentimita angapo kunja kwake.

Tsopano yesani. Dzazani mphika waukulu, lembani ndi pensulo pamene madzi alekeza, ndipo pambali pake muike ndowa ya madzi yolembedwanso chimodzimodzi. Pakatha maola 24 yerekezani. Ngati zatsika mofanana, ndi dzuwa chabe. Ngati mphika watsika kwambiri, pali pochucha, ndipo pezani malowo panopa zinthu zisanasanjikizane. Miphika ya simenti yatsopano imatulutsa laimu m'madzi, choncho mpando wobisika uja, umene supakidwa penti, uviikeni sabata imodzi mukusintha madzi pakapita masiku awiri alionse.

Mapayipi

Njira imene ambiri amatsata ndi kudutsitsa payipi yofewa imodzi m'miphika yonse n'kumata silikoni mozungulira. Imagwira masabata oyamba, koma silikoni sigwirana bwino ndi payipi yofewa, ndipo mukangoigwedeza pokonza, imamatuka. Chabwino n'chakuti mphika uliwonse ukhale ndi kapayipi kake ka kopa komatidwa ndi epoxy, ndipo payipi yofewa izingolumikiza timapayipito. Mukatero mutha kuphwasula kasupe yense n'kumubwezeretsa osamatula kanthu.

Dulani kopa ya masentimita 13 ya mphika wapakati. Ilowetseni pabowo la pansi kuti masentimita 5 atulukire kunsi ndi 5 mkati, kwinako n'kukhala m'simenti. Ya mphika wapamwamba ituluke masentimita 4 kunsi, ndipo mkati ikwere mpaka kutsala masentimita 2 kuti ifike pamlomo. Palani kopayo ndi sandipepa pamene pakhudze phala, imitsani chilili, matani mbali zonse ziwiri. Mawa lake zungulizani silikoni pamwamba pa phalalo, muisiye maola 48.

Masentimita 2 amenewo ali ndi chifukwa. Magetsi akazima, madzi amabwerera m'payipi monga mmene petulo amatsikira pomukoka mu thanki ya galimoto, ndipo amatsika mpaka pamene pali kamwa la payipi. Payipi ikathera pansi pa mphika, mphika wonse umakhuthukira mu waukulu, waukuluwo n'kusefukira pansi ngati unali wodzaza. Magetsi akabwera, pampu imadzazanso wapamwamba ndi madzi amene atsala, ndipo wapansi umachepa. 

Ngati mphika ulibe bowo, kapena ndi laling'ono, boolani la mamilimita 18. Wa dothi uviikeni m'madzi usiku wonse, matani tepi pamalopo, yambani ndi chitsulo cha mamilimita 6 kenako chachikulu. Zimitsani hamala ya drill, musakanikize, ndipo wina azidonthezera madzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Miphika yambiri imasweka pamene chitsulo chatsala pang'ono kutulukira, munthu atayamba kufulumira.

Mpando wobisika uja uduleni khomo ndi grinder kuyambira pamlomo, masentimita 12 m'lifupi ndi 12 msinkhu, loti pampu izilowa ndi kutuluka. Valani magalasi oteteza maso. Bowo lake la pansi likuzeni lifike mamilimita 30, ndipo m'mbali chakumtunda boolani lina la mamilimita 6 lotulukira mpweya, kuti mpando usamayandame ndi kugwedera. Chidutswa cha PVC nachonso chiduleni kazenera ka masentimita 5 kwa 10 kumunsi, kolowetsa zala.

Kusanjikiza

Khazikani mphika waukulu pasilabu, levulo pamlomo. Zondotsani mpando pakati penipeni, khomo lake liyang'ane kumbuyo. Dulani payipi yofewa ya masentimita 60, viikani nsonga yake m'madzi otentha kwa mphindi imodzi kuti ifewe, ivekeni ku kopa ya kunsi kwa mphika wapakati, nsonga inayo muitsitse pabowo la mpando n'kuitulutsira pakhomo. Khazikani mphika wapakati. Lumikizani pampu, muilowetse pakhomo paja itakhala pa kachidutswa ka tayilosi kuti isamakoke matope a pansi. Payipi yotsalayo ipindike mozungulira, isathyoke. Utali umenewo ndi umene udzakulolani kutulutsa pampu osanyamula miphika.

Pampuyo muiveke kathumba ka maukonde, konga ka anyezi kapena malalanje, kuti masamba asafike. Musadule neti ya udzudzu. Ili ndi mankhwala amene safunika m'madzi omwa mbalame, ndipo ntchito yake ndi kugonamo.

Imikani PVC mkati mwa mphika wapakati, kopa ikhale pakati pake. Vekani payipi yofewa ya masentimita 19 ku kopa ya mphika wapamwamba, khazikani mphikawo pa PVC, ndiye kudzera pakazenera kankhirani nsonga inayo pa kopa ya pansi.

Dzazani miyala yotsuka bwino mumphika wapakati ndi wapamwamba mpaka pafupi ndi mlomo. Miyala imalimbitsa PVC, imabisa mapayipi, komanso imachepetsa madzi okhala m'mwamba, kotero ngakhale patachucha, otsikira pansi sakhala ambiri. Miyala ya kwale yosatsuka imadetsa madzi ndipo fumbi lake limadya pampu.

Thirani madzi kuyambira pamwamba: wapamwamba udzaze, wapakati udzaze, ndipo waukulu ulekeze masentimita 6 kuti ufike pamlomo. Lembani mzere pamenepo, ndi wina masentimita 10 pamwamba pa pampu. Madzi asadzatsike kupyola mzere wachiwiriwo.

Kuwongola mayendedwe a madzi

Yatsani pampu itachepetsedwa, muziwonjezera pang'onopang'ono. Nthawi yoyamba madzi adzatsikira mbali imodzi yokha. Madzi saiwala khwawa, amatsata potsika ngakhale patasiyana mamilimita awiri. Dulani timphira ta chubu chakale cha njinga, muziika pansi pa mphika ku mbali imene madzi akutsikira, kamodzikamodzi, mpaka anyowetse mlomo wonse. Miphika youmba pamanja milomo yake sikhala yofanana, ndiye ikakanika palani pokwerapo ndi tupa, kapena semani timipata titatu kapena tinayi takuya mamilimita 4 kuti madzi azitsikira mmenemo. Mukapala, pakaninso penti.

Madzi otsetsereka pakhoma la mphika amayenda mwakachetechete ndipo satayika. Ngati mukufuna kumva phokoso lawo, ikani kamzere ka silikoni kunsi kwa mlomo kuti azidontha m'malo motsata khoma. Dziwani kuti phokoso likachuluka, otayika amachulukanso. Yalani nyuzipepala mozungulira kasupe kwa theka la ola. Pamene yanyowa ndi pamene madzi akuthawira. Chepetsani pampu kapena ikani mwala wopendekeka pamene madontho akugwera.

Magetsi ndi ana

Ngati pampu ndi ya mavoti 230, soketi ya panja aike ndi wamagetsi wovomerezeka ndi MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Ikhale yotsekeka kuti mvula isalowe, yokwezeka kuchoka pansi, ndipo idutse pa chozimitsira cha earth leakage cha 30 mA, chimene chimadula magetsi akayamba kuthawira pansi kapena mwa munthu. Musalumikize zingwe ndi tepi n'kuzisiya pa udzu. Chingwe chodutsa pabwalo chilowe mu konduwiti, payipi yotetezera zingwe, yokwiriridwa, chifukwa khasu ndi chikwanje sizisankha. Chingwe chizilendewera pang'ono m'munsi mwa soketi chisanakwere kukalowa, kuti dontho loyenda pachingwe ligwe pansi. Musanalowetse dzanja m'madzi, zulani pulagi, ngakhale magetsi atazima, popeza amabwera osaodira.

Mwana wongoyamba kuyenda akhoza kumira m'ndowa, ndiye mphika wa masentimita 40 si wochezera. Dulani sefa yolimba ya pulasitiki kapena waya wokutidwa, yozungulira ngati nkhata, muikhazike pa njerwa za simenti masentimita 5 pansi pa madzi, pamwamba pake muyale miyala. Siyani kachigawo kochotseka moyang'anana ndi khomo la pampu. Musadzaze mphika waukulu ndi miyala mpaka pansi, chifukwa mukatero mwachepetsa madzi amene pampu ikudalira.

Kusamalira

M'miyezi yotentha musadabwe kuwonjezera malita awiri mpaka anayi patsiku. Onani mzere m'mawa uliwonse pothirira maluwa. Pampu ikayamba kulira mokokera kapena kulavula thovu, ikukoka mpweya: zimitsani, thirani madzi.

Udzudzu umaikira mazira m'madzi odikha, ndipo kukatentha dzira limasanduka udzudzu wouluka m'masiku 10 mpaka 14. Madzi oyenda tsiku lililonse sauukopa kwenikweni, komabe m'makona mwa miyala mumakhala bata. Sinthani madzi a mumphika waukulu kamodzi pa sabata, makamaka nthawi ya dzinja, ndipo akalewo muthirire ndiwo zamasamba. Mukaona timphutsi tovinavina, khuthulani zonse tsiku lomwelo. Pampu ikafa, kapena mukuchoka pakhomo masiku oposa atatu popanda woyang'anira, khuthulani miphika yonse itatu n'kuivundikira.

Pakatha milungu iwiri iliyonse tulutsani pampu, tsukani siponji yake, tsegulani chivundikiro cha kutsogolo, solorani kachitsulo ka maginito kokhala ndi timapiko, kamene amisiri amati impela. Mchenga, tsitsi ndi timizu zimakulungana pamenepo. Pampu ikamalira koma osatulutsa madzi, kawirikawiri vuto limakhala pomwepo, kapena payipi yathyoka pena pake. Madzi a pachitsime kapena pamjigo amasiya zoyera zouma pa impela ndi pamilomo ya miphika. Viikani pampu kwa ola limodzi mu viniga wosakaniza ndi madzi muyezo wofanana, tsukuluzani bwino. Ndere zichotseni ndi bulashi yokha. Sopo amachititsa thovu losatha, ndipo Jik wambiri amawononga mphira wa pampu n'kudwalitsa zomwa pamenepo.

Mvula yamphamvu ikagwa, mphika waukulu udzasefukira. Palibe choopsa, koma tungani madzi abwerere pamzere woyamba, muonenso levulo pamilomo yonse itatu. Silabu ikatitimira mbali imodzi, khuthulani madzi, tsitsani miphika kuyambira wapamwamba, thirani mchenga pansi pa mbali yotsikayo n'kutsendera musanasanjikizenso.